Musanagule famu yaikulu yoti mukhalepo monga gulu

Malonda a mafamu otere amafanana kulikonse. Pamakhala chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, msipu wobiriwira, ng'ombe zonenepa, holo yodyeramo anthu ambiri, khitchini yaikulu, timanyumba togona mabanja, sola padenga, ndi mawu okopa akuti malowo amadzidalira pa madzi, magetsi ndi chakudya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti wogulitsa aliyense ndi wachinyengo, koma zimene zimaoneka pa chithunzi ndi zomwe mungathe kukonza kapena kumanga nokha pambuyo pake. Denga lodontha limakhomedwa. Zimene simungazikonze mukalipira kale ndi zitatu: madzi a pamalopo, zimene zalembedwa m'zikalata za malowo, ndi mgwirizano wa inu eni amene mukufuna kukhalira limodzi. Malangizo awa ayamba ndi zitatu zimenezi, ndipo nyumba zokongolazo zibwera kumapeto.

Yambani ndi inu eni, musanapite kukaona malo

Gulu likapita kukaona famu lisanagwirizane, limabwerako litakopeka, ndipo mafunso ovuta amayamba kuoneka ngati mwano. Choncho khalani pansi kaye, mulembe mayankho a mafunso awa. Kodi aliyense aponya ndalama zingati, ndipo amene waponya zambiri adzakhala ndi mawu aakulu kuposa anzake? Ndalama zimene munthu amapeza payekha adzazisunga yekha kapena zidzalowa m'thumba limodzi? Ziweto zidzakhala za gulu kapena aliyense ndi zake? Munthu akafuna kuchoka, adzabwezeredwa zingati, patapita nthawi yotani? Akamwalira, gawo lake lidzapita kwa ana ake kapena gulu lidzaligula? Banja likatha, atsala ndani?

Funso la kuchoka ndilo anthu amalizemba kwambiri, chifukwa palibe amene amafuna kukamba za kusiyana pa tsiku logwirizana. Komatu anthu amachoka. Ngati pangano likunena kuti wochoka apatsidwe ndalama zake zonse mwezi womwewo, mabanja awiri okha akachoka nthawi imodzi famu yonse ingathe kugulitsidwa. Lembani kuti gawo la wochoka lidzabwezedwa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, kapena pamene membala watsopano wapezeka, ndipo lembaninso njira yowerengera mtengo wa gawolo.

Kenako sankhani dzina limene lidzalembedwe pa chikalata cha umwini. Musalembe dzina la munthu mmodzi, ngakhale akhale mtsogoleri wokhulupirika chotani. Iye akakhala ndi ngongole yake, angongolewo adzagwira famu yanu. Akamwalira, abale ake adzabwera ndi lamulo kumbali yawo. Musalembenso mayina a anthu makumi awiri pa chikalata chimodzi, chifukwa m'malamulo a maiko ambiri mmodzi mwa eni oterowo angathe kupempha khoti kuti malo agawidwe kapena agulitsidwe. Njira zodziwika ndi kopaletivi, kampani imene mamembala ali ndi masheya, kapena bungwe losunga malo m'malo mwa gulu. Iliyonse ili ndi msonkho wake ndi malamulo ake, ndipo apa ndi pofunika loya wodziwa za malo m'dziko limene famuyo ili. Akhale loya wanu, osati amene wogulitsa wakulozerani.

Zikalata

Pemphani chikalata cha umwini, ndipo loya wanu akachitsimikize ku ofesi yosunga kaundula wa malo. Akaone ngati wogulitsayo ndiye mwini wake, ngati malowo sadaperekedwe chikole ku banki, ngati palibe msonkho wotsalira kapena mlandu wa malire. Ngati malowo ndi a lendi yochokera ku boma, aone kuti kwatsala zaka zingati, ndi zimene lendiyo imalola kuchita pamalopo.

Pali zinthu zina zimene anthu amaganiza kuti zimabwera zokha ndi nthaka, chonsecho sizitero kulikonse. Kumadzulo kwa United States, chilolezo chotunga madzi mumtsinje ndi chuma chapachokha, ndipo amene anayamba kugwiritsa ntchito madziwo ndiye amatsogola pa chilala. Mtsinje ungadutse pakati pa famu yanu inu osaloledwa kupatutsa madzi ake. Ku Texas ndi madera ena, miyala ndi mafuta a pansi pa nthaka angathe kukhala a munthu wina, amene ali ndi ufulu wolowa kudzakumba. M'maiko ambiri zapansi pa nthaka ndi za boma. Funsaninso za njira: kodi msewu wolowera kufamuko ndi wa boma, kapena umadutsa m'munda mwa mnansi amene ankangogwirizana pakamwa ndi mwini wakale? Mgwirizano wa pakamwa umatha tsiku limene mwini wasintha.

Chachikulu pa gulu ndi chilolezo cha nyumba. Malo olembedwa kuti ndi a ulimi nthawi zambiri amaloledwa nyumba imodzi kapena ziwiri, mwina ndi za antchito. Kupezapo timanyumba khumi sikutanthauza kuti tonse tinamangidwa ndi chilolezo. Pitani nokha ku ofesi yoona za mapulani a dera limenelo, mukafunse kuti ndi mabanja angati angakhale pamalopo chaka chonse, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Pomaliza lembani wopima malo kuti apeze zizindikiro zonse za malire. Mpanda si malire. Mipanda yambiri inakhomedwa potsata pomwe panali posavuta kukumba.

Madzi: apa musafulumire

Pitani kukaona famuyo kawiri, koma ulendo wofunika kwambiri ndi wa kumapeto kwa chilimwe, udzu utauma, madamu ataphwa. Zithunzi za malonda zimajambulidwa mvula itangotha.

Yambani ndi masamu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu amafunika malita 50 mpaka 100 pa tsiku kuti amwe, aphike, asambe ndi kuchapa. Ng'ombe yaikulu ya nyama imamwa malita 40 mpaka 60 kukatentha, ndipo ya mkaka yokamidwa kwambiri imapitirira malita 100. Tiyerekeze kuti muli anthu 30 ndi ng'ombe 100. Anthu atenga malita 2,400 ngati aliyense agwiritsa ntchito 80, ng'ombe zitenga 5,000. Tsono onjezani dimba. Nyengo yotentha mbewu zamasamba zimafuna madzi okwana mamilimita 5 pa tsiku, ndipo milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi. Dimba la theka la hekitala, lomwe ndi masikweya mita 5,000, limwa malita 25,000 pa tsiku. Dimba lokha laposa anthu ndi ng'ombe kuphatikiza katatu. Anthu ambiri amene amalota zodzilimira chakudya chonse sachita masamu amenewa.

Tsopano yezani chitsime. Tengani ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Ikadzaza m'masekondi 20, ndiye kuti pampu ikutulutsa lita imodzi pa sekondi, malita 3,600 pa ola. Pampu ya sola yogwira bwino maola 7 ipereka malita 25,200, pamene inu mukufuna oposa 32,000. Ndiye mudziwa kuti muchepetsa dimba, kapena mukumba chitsime china, ndipo mtengo wake uchotsedwe pa mtengo wa famu. Koma ndowa imangokuuzani za mphindi imodzi. Chitsime chingatulutse bwino m'mawa, pofika masana n'kuyamba kukoka mpweya. N'chifukwa chake muyenera kulipira katswiri kuti apope mosalekeza kwa maola 24 kapena kuposerapo, akuyeza mmene madzi akutsikira ndi nthawi imene akutenga kuti abwerere pamlingo wake. Wogulitsa akakana kuti chitsime chiyezedwe chonchi, wakuyankhani kale.

Tumizaninso madziwo ku labotale. Aone tizilombo ta E. coli tosonyeza kuti zonyansa zikulowa m'madzi, aone mchere, komanso nitrate, fluoride ndi arsenic, zomwe zimawononga thanzi zikachuluka m'madzi. Malire a WHO ndi mamiligalamu 50 a nitrate pa lita, 1.5 a fluoride, ndi 0.01 a arsenic. Madzi angakhale oyera mbee, okoma pakamwa, koma ali ndi fluoride wothimbiriritsa mano a ana. Yendani muone kutalika kwa pakati pa chitsime ndi zimbudzi, makola ndi dipi. Pasachepere mamita 30, ndipo zonyansazo zikhale kumunsi kwa chitsime.

Ngati malondawo akutama matanki okolola madzi a mvula, werengani. Denga la masikweya mita 200, kudera kogwa mvula ya mamilimita 800 pa chaka, likolola malita 160,000, kuchotsapo otayika. Kwa anthu 30 aja, madzi amenewa ndi a miyezi iwiri basi, ndiponso pokhapokha matanki ali okwanira kuwasunga. Ndi othandiza pa kumwa ndi kuphika, koma sangayendetse famu.

Msipu ndi nthaka

Wogulitsa adzakuuzani kuchuluka kwa ng'ombe zimene famuyo imasunga. Nambala imeneyo kawirikawiri ndi ya chaka cha mvula yabwino. Dziyezereni nokha. Ng'ombe imadya udzu wouma wolemera pafupifupi magawo awiri ndi theka pa magawo 100 a kulemera kwake tsiku lililonse, choncho ya makilogalamu 450 imadya makilogalamu 11 kapena 12 pa tsiku, matani oposa 4 pa chaka. Oweta odziwa amati ziweto zidye theka la udzu, theka litsale kuti mizu isafe ndi nthaka isakhale pambalambanda. Ndiye ng'ombe imodzi imafuna malo obala matani 8.

Pangani felemu ya mita imodzi mbali zonse zinayi. Udzu ukakula mokwanira, iponyeni m'malo osiyanasiyana, pabwino ndi poipa pomwe, mumwete udzu wa m'kati mwake, muuyanike uume gwa, muuyeze pa sikelo. Magalamu 200 pa felemu imodzi ndiye matani 2 pa hekitala, kutanthauza mahekitala 4 pa ng'ombe iliyonse. Kuti musunge ng'ombe 100 pamenepo mufunika mahekitala 400 a msipu weniweni, osawerengera mapiri a miyala, nkhalango yowirira ndi pomwe pali nyumba. Kumadera a mvula yambiri hekitala imodzi imakwanira ng'ombe imodzi; kumadera ouma pangafunike mahekitala 20 kapena kuposa. Ichi n'chifukwa chake kukula kwa famu pakokha sikukuuzani kanthu.

Poyenda m'busa, yang'anani pansi. Nthaka youma yopanda chofunda pakati pa zitsinde za udzu, mizu ya mitengo ili pamtunda, zigwembe zoyambira pa njira za ng'ombe, zitsamba za minga zitalanda malo a udzu, zonsezi zikusonyeza kuti malowo adadyetsedwa mopyola. Amachira, koma pamatenga zaka, ndipo zaka zimenezo ziweto zanu ziyenera kukhala zochepa. Pamene mukufuna kulima, tengani dothi la masentimita 20 apamwamba m'malo angapo mukaliyezetse. Mbewu zambiri zimakonda pH (muyeso wa asidi m'nthaka) ya pakati pa 6 ndi 7. Kumbaninso dzenje lofika m'chiuno muone ngati pansi pali mwala kapena madzi odikha. Pafupi ndi dipi yakale kapena mosungira mafuta musalimepo chakudya musanayeze, popeza madipi akale m'maiko ambiri ankagwiritsa ntchito arsenic amene sachoka m'nthaka.

Mpanda uyendereni wonse ndi miyendo. Famu ya mahekitala 500, ngakhale itakhala yofanana mbali zonse, ili ndi malire a makilomita pafupifupi 9, ndipo waya wa mtunda wotero si wa ndalama zochepa. Ngati ziweto zikugulitsidwa pamodzi ndi famu, dokotala wa ziweto aziyeze TB ndi brucellosis, matenda amene amafika kwa anthu kudzera mu mkaka wosawiritsa. Pa famu imene anthu ambiri amamwa mkaka wa khola limodzi, ichi si chinthu chochiseweretsa.

Nyumba ndi zipangizo

Apa mungayende mofulumirako, chifukwa mmisiri wabwino akhoza kukuuzani zonse tsiku limodzi: maziko, ming'alu, chiswe, denga, mawaya a magetsi. Pa sola funsani chaka chimene chilichonse chinagulidwa. Mapanelo amatha zaka 25 kapena kuposa, akufooka pang'onopang'ono, koma mabatire ndiwo amadya ndalama. A lead-acid amatha m'zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, a lithium amafika zaka khumi kapena kupitirira, inveta (makina osintha magetsi a mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) nayo imafuna kusintha pakatha zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Gonani pamalopo usiku umodzi, mafiriji ndi magetsi zikuyaka monga mmene zidzayakire gulu likadzabwera, muone ngati mabatire afika mbandakucha. Magetsi amene ankakwanira banja limodzi la mwini famu sangakwanire mabanja khumi, makamaka wina aliyense akabwera ndi ketulo ndi simbi yake.

Zimbudzi zosandutsa chimbudzi kukhala manyowa zimagwira ntchito ngati zili ndi zipinda ziwiri zosinthana, kuti chodzaza chitsekedwe chaka chathunthu kapena ziwiri mpaka tizilombo tife. Tsegulani kumbuyo muone. Fungo loipa ndi madzi odikha zikusonyeza kuti sizinkasamalidwa. Ngati pali thanki ya gasi wochokera ku ndowe, yatsani mbaula muone moto wake, ndipo kumbukirani kuti imafuna munthu woithira ndowe ndi madzi tsiku lililonse, komanso ng'ombe zogona m'khola usiku. Ng'ombe zogona kubusa ndowe zake simungazitole.

Chinthu chimodzi chimene mmisiri sangakuuzeni ndi ichi: kodi banja lililonse lili ndi khomo lake lotseka, ndi kachipinda kophikira tiyi osadutsa m'khitchini ya gulu? Kudyera limodzi kumakoma masiku ena. Kukakamizika kuonana ndi anthu makumi atatu m'mawa uliwonse usanasukusule kumatopetsa ngakhale munthu wochezeka.

Msewu ndi anansi

Yezani nthawi yoyenda kuchoka pa geti kufika kuchipatala, kusukulu ndi kumsika wogulitsako zokolola, ndipo yezani nyengo ya mvula. Onani ngati pali mlatho umene umamira. Imbani foni muli pakhomo pa holo, muone ngati netiweki ikugwira, makamaka ngati ena mwa inu adzadalira ntchito za pa intaneti. Kenako kachezeni ndi anansi popanda wogulitsa. Iwo ndiwo amadziwa chaka chimene chitsime chinaphwa, mbali imene moto wolusa umachokera, ndi chifukwa chenicheni chimene famuyo ikugulitsidwira. Ngati pamalopo panali gulu lina limene linabalalika, yesetsani kupeza mmodzi wa iwo. Funsaninso za antchito ndi mabanja amene akhala pafamupo zaka zambiri, popeza m'maiko ena lamulo limawateteza, ndipo ngakhale kumene siliwateteza, simungayambe mudzi wa chilungamo pothamangitsa anthu.

Ndalama ndi ntchito

Musathere ndalama zonse pa kugula. Sungani padera zoyendetsera famu chaka chathunthu popanda kudalira zokolola, ndi zokonzera zonse zimene mwapeza kuti n'zowonongeka. Ngongole ichepe mmene mungathere. Gulu lotchuka la The Farm, limene Stephen Gaskin ndi anzake adaliyambitsa ku Tennessee, m'dziko la United States, mu 1971, lidakula kupitirira anthu 1,000 onse akudya thumba limodzi. Ngongole itawakulira, mu 1983 adasintha kuti munthu wamkulu aliyense azidzipezera ndalama ndi kusonkha mwezi ndi mwezi. Ambiri adachoka, koma malowo adapulumuka ndipo gululo lilipobe. Ziweto ndi dimba zimadyetsa anthu, koma sizilipira msanga msonkho, inshulansi ndi mabatire. Lembani poyera kumene ndalama ya mwezi ndi mwezi idzachokere.

Ntchito nayo ilembedwe. Ku Twin Oaks ku Virginia, m'dziko lomwelo la United States, gulu limene lakhalapo kuyambira 1967, membala aliyense amagwira maola pafupifupi 40 pa sabata, ndipo ola lophika, lolera ana kapena lokama ng'ombe limawerengedwa mofanana ndi ola la ntchito yobweretsa ndalama. Wofuna kulowa amayamba wachezako masabata atatu, kenako amakhala miyezi isanu ndi umodzi akuyesedwa. Simuyenera kutengera zonse, koma mfundo yakuti kutsuka mapoto kumawerengedwa imachotsa madandaulo ambiri, makamaka a amayi, amene ntchito zotere zimawagwera mwakachetechete.

Pa za msipu ndi madzi a gulu, Elinor Ostrom, amene adalandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, adafufuza magulu amene asunga chuma cha onse kwa zaka mazana. Adapeza kuti amakhala ndi malire odziwika a amene ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, malamulo opangidwa ndi ogwiritsa ntchito eni ake, anthu olondera, zilango zoyamba pang'ono n'kumakula, ndi njira yachangu yothetsera milandu. M'mudzi wa Törbel ku Switzerland, lamulo la 1517 linkati munthu asatumize kubusa la onse ng'ombe zoposa zimene angathe kuzidyetsa yekha nyengo yozizira. Lamulo lotere, lalifupi ndi losavuta kuliona ndi maso, ndilo mukufuna ngati mamembala adzakhala ndi ziweto zawozawo.

Kupereka mtengo ndi kulandira makiyi

Mukakhutira, perekani mtengo wanu molemba, wokhala ndi zoyenera kukwaniritsidwa: chitsime chipereke madzi akutiakuti pa kuyeza, zikalata zipezeke zoyera, chilolezo cha nyumba chitsimikizike, ngongole ya kubanki ivomerezedwe. Chimodzi chikalephereka, ndalama yachikole ibwerere kwa inu. Ndalamayo isungidwe ndi loya kapena bungwe loima pakati, isapite m'manja mwa wogulitsa. Lembani mndandanda wa chilichonse chotsala pafamupo, kuyambira thirakitala, mapampu, matanki, mapanelo, mabatire, mpaka mageti ndi zomwera ng'ombe, ndi nambala zake pamene zilipo, ndipo muziwerengenso tsiku lolandira makiyi.

Pemphani mwini wakale, kapena kapitawo wake, kuti ayende nanu masiku angapo, ngakhale mumulipire. Akuonetseni mmene mapaipi adutsira pansi, potsekera madzi paliponse, nambala zachinsinsi za inveta, nthawi ya katemera wa ziweto, ndi busa limene limadikha madzi. Awiri mwa inu azilemba ndi kujambula mapu. Chaka choyamba musamange nyumba yatsopano ndipo musagule ziweto zokwana nambala imene masamu anu akulola. Yambani ndi theka, lambulani njira zotchinga moto kuzungulira nyumba ndi m'malire chilimwe chisanafike, ndipo muziyeza mlingo wa madzi m'chitsime mwezi uliwonse n'kulemba m'buku limodzi losungidwa mu holo.